Thukuta la Anankhoma

Dzuwa likamalowa pa puloti ya Mayi Dinah ku Chinsapo, mbaula zisanu zinkayaka pakhonde limodzi, iliyonse patsogolo pa khomo lake. Nyumba za lendi zinali zisanu zogundizana pansi pa malata amodzi. Kuseri kunali chitsime ndi bafa ya mpanda wa udzu, ndipo nyumba ya mwini puloti inali payokha pafupi ndi geti.

Madzulo ena mu Okutobala, chaka cha 2006, Anankhoma ankaanula matewera a mdzukulu wawo pamene mpongozi wawo Ennie anawaitana kuti adzathire mchere m'nyemba. Asanavindikire poto, Fatu, mkazi wa telala wa khomo lachitatu, anali atayamba kale kuwakodola ndi chipande.

"Anduna a zamchere, mukamaliza kumeneko mudutse kuno. Bonya wanga wadikira mpaka watopa."

"Nduna ya kuno imangonunkhiza, kulawa ayi," anayankha Anankhoma akuseka, uku akupukuta manja pachitenje.

Ntchito imeneyi inawagwera chifukwa cha msinkhu. Mkazi amene ali kumwezi, kapena amene wangobereka kumene, sathira mchere m'ndiwo. Akathira, odya ndiwozo amagwidwa ndi tsempho, matenda otupitsa miyendo, ndipo oyamba kugwa amakhala ana. Azimayi a pa pulotipo anachokera kosiyanasiyana, wina ku Mangochi, wina ku Dedza, koma pa nkhani iyi sankatsutsana. Anankhoma anali atasiya kusamba miyezi isanu ndi inayi yapitayo, choncho dzanja lawo silikanapweteka munthu.

Anali mayi wamasiye wa zaka makumi asanu, wochokera kumudzi wina kuseri kwa Mponela. Anabwera ku tauni mwana wawo Anderson, kalipentala wa ku Mchesi, atawatumizira uthenga kuti kwabadwa mwana wamkazi, Thokozire. Anabwera ndi thumba la ufa, nkhuku yomanga miyendo, ndi vuto lina limene sankakonda kulitchula. Moto unkayambira pachifuwa, n'kukwera m'khosi mpaka kumaso, mtima n'kumagunda ngati akuthamanga. Kenako linkabwera thukuta, lonyowetsa chitenje ndi mphasa yomwe. Masana moto unkabwera kawiri kapena katatu. Usiku unkawadzutsa nthawi imodzimodzi, atambala asanayambe kulira.

Kumudzi azakhali awo anawauza kuti amenewo ndi magazi akale amene asowa njira, ndipo akuwira m'thupi. Anawalangiza kumwa madzi a masamba a nimu, kusiya tiyi ndi tsabola, ndi kudzithira madzi ozizira moto ukakula. Ennie anawapempha kangapo kuti apite limodzi ku kiliniki tsiku la sikelo, koma iwo anakana. Sakanatha kufotokoza za kumwezi kwa dokotala wamwamuna wamsinkhu wa Anderson. Choncho ankagona pabalaza pafupi ndi chitseko, pa simenti pozizira, ndi kansalu konyowa pakhosi. Anderson madzulo alionse ankawatungira ndowa ya madzi n'kuisiya kubafa, osafunsa zambiri.

Munthu yekhayo amene anamuululira zonse anali Mayi Dinah. Anali mayi wonenepa, wolankhula motsitsa, woyenda mokoka mwendo wamanzere. Sankajomba ku mapemphero a azimayi, ndipo ana a pa puloti ankadziwa kuti m'thumba la diresi yake simusowa switi. Masana iye ndi Anankhoma ankakhala pansi pa mtengo wa mapeyala akusadzula nkhwani, akutchulana achemwali. Kwa mayi wakumudzi amene mu tauni sankadziwa ngakhale kuwoloka msewu yekha, ubwenzi umenewu unali chinthu chachikulu.

Zachilendo zinayamba ndi tulo. Anthu ankagona ngati awasanjika matumba a simenti. Kassimu, telala uja, amene chibadwire sanaphonyepo swala ya m'mamawa ku mzikiti, anadzuka masiku atatu otsatizana dzuwa lili kale pamalata. Ena ankadzuka makosi akuwawa, m'mabulangete muli mchenga. Kunabweranso fungo, longa la dothi lokumba kumene losakanizika ndi tsitsi lopserera. Azimayi anakolopa, anathira phulusa m'chimbudzi, anafunafuna khoswe wakufa kudenga, koma fungolo m'mawa uliwonse linkapezeka lili pomwepo, makamaka pa khomo loyamba.

Pa khomo loyambalo pankakhala Sofiya ndi mwana wake Ian, wa zaka ziwiri. Ian anagona atasewera bwinobwino, n'kudzuka miyendo itatupa, maso akuyang'ana pakona imodzi ya denga. Kuchipatala anamuyeza malungo ndi zina, osapeza kanthu. Anamwalira tsiku lachitatu. Anderson ndiye anakhoma kabokosi kake, ndipo atabwera kunyumba madzulo anamunyamula Thokozire nthawi yaitali. Maliro atatha Sofiya anamanga katundu n'kupita kwa abale ake ku Kauma.

Mphekesera zinayamba kuyenda kumpopi ndi kuchigayo. Ena ankati ku Mgona ana akudzutsidwa usiku kukaphunzitsidwa ufiti. Ena ankati ku Kawale kwagwa lichero ndi nkhalamba yopanda chovala. Pa puloti ya Mayi Dinah anthu anayamba kuwerenga makomo mumtima. Lachiwiri munali anyamata awiri ogulitsa kaunjika, lachinayi munali mlonda wosakwatira. Ana otsala anali awiri okha: Hafsah wa Fatu pa khomo lachitatu, ndi Thokozire pa khomo lomaliza.

Anankhoma okha ndiwo ankamva zimene zinkachitika, chifukwa tulo timene tinkagwetsa anzawo tinkalephera kulimbana ndi moto wa m'thupi mwawo. Akadzuka ankapeza kunja kuli zii. Agalu osauwa, nkhululu osalira, ngakhale nyimbo za kumabala a kumsika osamveka. Kenako pamalata pankamveka chinthu chokwekwereza, ngati thumba lonyowa likukokedwa pang'onopang'ono. Chinkaima pamwamba pa khomo lililonse ngati chikumvetsera. Tsiku lina chinaima pamwamba pa khomo lawo, n'kutsika. Fungo lija linalowa pansi pa chitseko, ndipo Anankhoma anaona mpiringidzo ukusuntha wokha. Anatsokomola mwadala, n'kulankhula mokweza kuti m'nyumba muno muli munthu amene ali maso. Mpiringidzo unaima. Patapita kanthawi, galu anauwa chapatali.

M'mawa mwake, pansi pa mtengo wa mapeyala, Mayi Dinah anawayang'ana mwachifundo.

"Achemwali, maso anu afiira. Kodi usiku simugona?"

"Ndi moto uja. Ukandidzutsa, tulo timathera pomwepo."

"Usiku uliwonse?"

"Uliwonse."

Mayi Dinah anasadzula tsamba limodzi mpaka linang'ambika. Kenako anati iyenso anadutsa momwemo, ndipo nimu ndi wongowawitsa mkamwa. Anati ali ndi mizu yochokera kwa mayi wina wa ku Mitundu, yotulutsa magazi akale onse, ndipo munthu akamwa amagona ngati khanda. Madzulo anawabweretsera botolo la madzi ofiirira. Anankhoma anathokoza ndi manja awiri.

Anamwa masiku atatu. Tulo sitinabwere, moto sunachepe. Tsiku lachinayi m'mawa anapeza kuti magazi abwerera.

Anakhala m'bafa nthawi yaitali osatuluka, chifukwa dzulo lake anali atathira mchere m'mapoto atatu. Atatuluka anapita molunjika kwa mnzawo. Mayi Dinah anaseka pang'ono n'kuwagwira paphewa. Anati kumeneko si kumwezi ayi, ndi litsiro la zaka zambiri limene likutuluka, ndipo mwambo wa mchere sulikhudza. Anati akangosiya kuthira, azimayi afunsa chifukwa chake, ndipo puloti yonse iseka kuti agogo abwerera ku utsikana. Anawafunsanso za tinsalu timene ankagwiritsa ntchito.

"Mukatiyanika, mpongozi ationa. Bweretsani kuno, ndikatentha pamodzi ndi zinyalala zanga."

Anankhoma anakulunga tinsaluto mu jumbo yakuda n'kupereka. Madzulo Fatu atawakodola, anapita. Mtima unkakana, koma anakumbukira mawu a mnzawo wodziwa za mu tauni, n'kuthira.

Usiku wachiwiri chithirireni mcherewo moto unabwera waukulu kuposa kale. Anatuluka, anadzithira ndowa yonse, n'kudzikulunga chitenje chonyowa. Pobwerera, atangokhota pakona ya nyumba, anaima. Mwezi unali wowala. Pa khomo la Fatu panali munthu wopanda chovala, thupi lonse litapakidwa phulusa, atafulatira chitseko. Anawerama n'kuchigunda ndi kumbuyo kwake katatu, popanda phokoso lililonse, ndipo chitseko chinatseguka. Analowa chobwerera m'mbuyo. Anankhoma anafuna kukuwa, koma lilime linali ngati mwala. Posakhalitsa munthu uja anatuluka atasenza kanthu paphewa, kokulungidwa ngati kamtolo ka nkhuni. Ankayenda mokoka mwendo wamanzere. Atafika pakati pa bwalo anatembenuka.

"Mankhwala aja sanagwire, achemwali," anatero Mayi Dinah, ndi mawu omwe aja ofatsa a pansi pa mtengo.

Mphamvu zitabwerera, Anankhoma anamenya chitseko cha Fatu mpaka manja anatupa. Panalibe anadzuka. Anathamangira m'nyumba, anamugwedeza Anderson, anamuthira madzi kumaso, koma iye anangotembenuka n'kupitiriza mkonono. Anakhala pansi pafupi ndi mdzukulu wawo mpaka kunayera.

Hafsah anadzuka miyendo itatupa, maso ali kudenga. Masana asanathe anali atamwalira. Anthu ali pa chipwirikiti cha maliro, Anankhoma anamukokera Anderson kuseri kwa bafa n'kumufotokozera zonse zimene anaona. Iye anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. Anati mawu ngati amenewo akamveka atulutsidwa m'nyumba, mwinanso kumangidwa, ndipo Mayi Dinah ndi munthu amene Chinsapo yonse imamudziwa.

"Mwina munalota, amayi. Kutentha kwanuku kwayamba kukusokonezani mutu."

"Ndinali maso ngati mmene ndililimu, Anderson."

"Chonde musauze munthu wina."

Hafsah anaikidwa m'mawa mwake. Anthu atabwera kumanda, Mayi Dinah anaitana onse pansi pa mtengo wa mapeyala kuti apemphere. Kunabweranso anthu a mapuloti oyandikana. Pemphero litatha iye sanakhale pansi. Analankhula akulira. Anati pali chinthu chimene wakhala akubisa chifukwa cha chinansi, koma ana akutha, ndipo Mulungu adzamufunsa. Anatulutsa jumbo yakuda, anaikhuthula pansi, n'kutambasula tinsaluto ndi kamtengo kuti aliyense aone. Anati anatipeza titabisidwa mu udzu wa bafa. Mayi amene onse ankamukhulupirira kuti anasiya kusamba, anatero, wakhala akuthira mchere m'mapoto mwawo ali kumwezi, akudziwa. Ndipo si zokhazo. Usiku uliwonse amamuona pawindo akuzungulira nyumba, thupi lili lonyowa, chovala chili m'manja.

Azibambo anayang'ana kumbali. Azimayi anagwira pakamwa. Fatu anadzuka pamphasa, maso atatupa ndi kulira, n'kuyenda mpaka pamene panali Anankhoma.

"Amayi, munathira mchere m'poto wanga muli choncho?"

"Ndinathira, mwana wanga. Koma amene anandiuza kuti..."

Zotsalazo palibe anazimva. Fatu anagwa pansi, ndipo phokoso linabuka. Anankhoma anayesa kufotokoza za mizu, za botolo, za munthu wa phulusa pa khomo lachitatu. Atatchula dzina la Mayi Dinah anthu anaseka mowawidwa mtima, ena n'kumati mfiti ikagwidwa imaloza mnzake. Anyamata anayamba kutola zidutswa za njerwa. Wina kumbuyo anafunsa ngati pali amene ali ndi tayala lakutha.

Kassimu, amene anali atangokwirira mwana wake, ndiye anakweza dzanja. Anati iye safuna kuti munthu afe chifukwa cha mawu a munthu mmodzi. Anati pali mwana wawo amene amagona nawo nyumba imodzi, ndipo ameneyo anene. Akanena kuti mayi ake ndi odwala chabe, iye awasiya.

Maso onse anapita kwa Anderson. Kumbuyo kwake kunali Ennie, Thokozire ali kumsana. Anderson ankadziwa za moto uja. Anali atawaonapo mayi ake akufinya chitenje m'mamawa, ndipo ndowa ya kubafa ankatunga ndi iyeyo. Ankadziwanso zimene anamuuza kuseri kwa bafa. Anayang'ana njerwa zimene zinali m'manja mwa anthu, anayang'ana mkazi wake ndi mwana, anayang'ana Mayi Dinah amene ankapukuta misozi ndi mpango.

"Amatuluka," anatero. "Usiku uliwonse. Kumene amapita ine sindidziwa."

Anthu anakhalabe chete ngati akudikira zina, ndipo chete ameneyo anamukoka lilime.

"Ngakhale abambo anga, imfa yawo sitinaimvetse."

Anankhoma sanalire. Mwamuna wawo anadwala zaka ziwiri, ndipo anali iwo amene ankamutembenuza, kumusambitsa ndi kumumwetsa phala ndi supuni, Anderson ali ku tauni kuphunzira ukalipentala ndi ndalama za mbuzi zawo. Anangomuyang'ana mwana wawoyo, ngati munthu amene akuyesa kukumbukira kumene anaonapo nkhope imeneyi.

Amene analetsa njerwa anali Mayi Dinah. Anatambasula manja n'kunena kuti pa puloti yake sipakhetsedwa magazi, kubwezera n'kwa Mulungu. Chimene ankapempha n'choti mayiyo achoke dzuwa lisanalowe. Anthu anabalalika akuyamikira mtima wake.

Popita ku depoti Anderson ananyamula chikwama, akuyenda patsogolo, mayi ake kumbuyo. Atapeza minibasi ya ku Mponela, anayamba kufotokoza kuti analankhula zija kuti awapulumutse, kuti akanawaikira kumbuyo anthu aja akanawaphwanya onse, ndi mwana yemwe. Mwina theka la zimenezi linali loona. Anankhoma anamusiya amalize. Moto unali utawabwerera, thukuta likutsika m'khosi, kondakitala akuwakankhira mkati. Anatulutsa mutu pawindo.

"Usagone lero. Undiyese mfiti, undiyese wamisala, koma usagone. Mwanayo umugoneke pachifuwa pako."

Minibasi inanyamuka asanayankhe.

Madzulo amenewo pakhonde panayaka mbaula ziwiri zokha, ndipo panalibe wocheza ndi mnzake. Ennie anagona atangomaliza kuyamwitsa, osavula ngakhale mpango. Anderson anakhala pamphepete pa bedi, koloboyi akuyaka. Tulo tinabwera tolemera, tokankha mutu pansi ngati dzanja la munthu. Koma akangotseka maso ankamva mawu ake omwe, akunena za imfa ya bambo ake pamaso pa anthu, ndipo manyazi ankamubaya mpaka maso kutseguka. Zinachitika choncho kambirimbiri. Pomaliza anamunyamula Thokozire, anamugoneka pachifuwa, n'kutsamira khoma.

Sanadziwe nthawi imene agalu anasiya kuuwa. Anangozindikira kuti akumva kupuma kwa mwana ndi kugunda kwa mtima wake basi. Kenako pamalata panayamba kukwekwereza. Chinthu chija chinadutsa khomo loyamba osaima, lachiwiri, lachitatu, lachinayi. Chinaima pamwamba pa mutu wake. Fungo la dothi lokumba kumene linadzaza chipinda, moto wa koloboyi unafupika n'kusanduka wobiriwira, ndipo pabalaza, pamene masiku onse pankagona munthu, mpiringidzo unasuntha mpaka kumapeto popanda woutsokomolera.

Choyamba kulowa pa katani ya kuchipinda unali msana wotuwa ndi phulusa. Unabwera chobwerera, mwendo umodzi ukukokedwa pa simenti. Utafika pafupi ndi bedi unatembenuka.

"Bambo a Thoko, simunagone?"

Mawuwo anali a Mayi Dinah. Manja ake anatambasuka, osamukhudza mwana, koma Anderson anamva Thokozire akupepuka pachifuwa pake, ngati thumba limene likutuluka ufa. Timapazi take tinazizira. Anamukumbatira ndi mphamvu zonse za munthu wozolowera kupala matabwa, ndipo kukhosi kwake kunatuluka liwu limodzi lokha, limene sanaliitane motero chichokereni ku ubwana.

"Amayi!"

Mwana anadzidzimuka n'kulira. Kulemera kwake kunabwerera. Ennie anabuula m'tulo, akuyesa kudzuka. Mayi Dinah anabweza manja, osapsa mtima, n'kumuyang'ana ngati mmene ankamuyang'anira akabwera kudzapereka moni.

"Amayi anu munawakweza minibasi nokha. Lero muli maso, chabwino. Nanga mawa? Nanga mkuja?"

Anatuluka mmene analowera.

Kusanayere bwino Anderson ndi Ennie anali atamanga zovala ndi mapoto mu zitenje ziwiri. Bedi limene anakhoma yekha analisiya. Pageti anakumana ndi Kassimu akuchokera ku mzikiti, ndipo Anderson anamuuza mwachidule zimene anaona, ndi kuti mayi ake sananame. Kassimu anamvetsera mpaka kumapeto, maso ali pansi.

"Dzulo ndinakufunsani, achimwene," anatero, n'kulowa m'nyumba mwake momwe munalibenso mwana.

Anafika kumudzi masana. Anankhoma anali pakhonde akutongola chimanga. Atawaona anadzuka, osapereka moni, n'kumasula mwana kumsana kwa Ennie. Anamuvula timasokosi, n'kudina timapazi ndi chala. Lamanzere linali lotupa pang'ono. Analisisita, anamufungatira, n'kumuuza Ennie kuti alowe akapume, madzi osamba aphitsidwa posachedwa.

Anderson anagwada pabwalo, pafumbi, n'kuyamba kulankhula. Anati waona ndi maso ake, anati analakwa, anati sakudziwa chimene chinamulowa pakamwa. Analankhula nthawi yaitali, anthu odutsa n'kumaima. Mayi ake anamvetsera akugwedeza mwana. Atamaliza anatembenukira kukhomo.

"Ennie, tulutsa mpando. Alendowa agwada nthawi yaitali."

Phazi la Thokozire linaphwa patatha sabata. Anakula bwino, anayamba kukwawa, n'kuyenda pabwalo lomwelo. Moto ukawadzutsa agogo ake, ankakhala tsonga pambali pake mpaka atambala alire, ndipo sanamwenso mankhwala a munthu aliyense oti awagonetse. Anderson anapeza ntchito pa Mponela, anawakhomera mayi ake chitseko chatsopano ndi mipando iwiri, ndipo iwo ankathokoza mwaulemu monga amathokozera mmisiri. Sanamutchulenso iwe, kapena dzina lake. Ankamutchula kuti abambo, ndipo akalowa m'nyumba ankamufunsa ngati ayenda bwino.

Ku Chinsapo, mwezi usanathe, pageti ya Mayi Dinah panalembedwa ndi makala kuti nyumba zilipo. Loweruka lina kunabwera mnyamata ndi mkazi wake, ochokera ku Kaliyeka, mkaziyo atabereka mwana wa miyezi inayi. Mayi Dinah anawaonetsa chitsime, bafa ndi khomo lomaliza, limene munali kale bedi labwino. Anasewera ndi kadzanja ka mwanayo, n'kufunsa dzina lake. Kenako anafunsa ngati pali wina amene adzakhale nawo, kaya apongozi, kaya azakhali, munthu wachikulire aliyense.

"Ayi, mayi, tilipo atatu basi," anayankha mnyamatayo.

"Ndiye bwerani mawa lomwe," anatero Mayi Dinah. "Kuno anthu amagona bwino."